Mphindi Zisanu ndi Ziwiri Zimene Ndinaba

Ndikukumbukira kabwalo kafumbi kamene kanali kuseri kwa magolosale pa Boma la Chiradzulu, pafupi ndi pamene maminibasi a ku Limbe amaimira. Lero pamalopo anamangapo nyumba za lendi, koma chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 panali mpanda wa waya, mtengo umodzi wa mango, ndi magalimoto asanu ogulitsa. Sanali athu. Mwini wake anali a Chikopa, bambo wa bizinesi wa ku Limbe amene ankaitanitsa magalimoto akale kuchokera kunja. Iwo anaona kuti aphunzitsi, anamwino ndi anthu a m'maofesi a pa Boma nawonso amasirira galimoto, ndiye anabweretsa ochepa n'kuwasiya m'manja mwa ababa anga.

Ababa anali makaniko. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo kwathu kwa Kadewere anabwera kudzakwatira. Aliyense wokulira kuchikamwini akudziwa mmene mkamwini amayendera: mwaulemu, mopepuka, ngati munthu wovala nsapato zobwereka. Zaka zambiri ankakonza maminibasi pansi pa mtengo, manja ali bii ndi girisi, anthu n'kumangowatchula kuti amuna awo a Nagama, potchula dzina la amayi anga. Magalimoto asanu aja atabwera, zinthu zinasinthako. Anayamba kuvala malaya oyera pansi pa ovolosi. Anthu a mataye ankaima pampanda n'kumawafunsa mafunso, iwo n'kumayankha mosafulumira, makiyi akulira m'thumba. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko. Ntchito yanga inali kupukuta magalasi ndi kansanza konyowa, ndipo ndinkaikonda chifukwa ndinkadziona nkhope m'zitseko.

Pafupi ndi mpandawo panali amalume a Samisoni, mchimwene wawo wa amayi, amene ankakonza njinga. Awa ndiwo anali eni mbumba kwathu. Sankadana ndi ababa ayi, koma sankagwirizana pa chilichonse. Ababa akati mvula ibwera mawa, amalume ankati ibwera mkuja. Ankaitanana kuti alamu, mawu okoma, koma aliyense ankawatchula ngati akutafuna mchenga.

Mwezi wa Novembala chaka chimenecho kunatentha koopsa. Kenako tinamva kuti kwa Nchema kwagwa matalala. Amene anachokera kumeneko ankati ena anali aakulu ngati mazira a nkhunda, anaboola masamba a nthochi, anagwetsa matimati onse m'madimba, ndipo minibasi ina inafika pa Boma galasi lakutsogolo litang'aluka ngati ukonde wa kangaude. Patapita masiku awiri a Chikopa anatulukira ndi pikiapu, kumbuyo atanyamula chilona chabuluu, cha mtundu umene amafunditsira katundu pa malole. Anthu anayi anachita kuthandizana kuchitsitsa.

"A Paulo," anatero kwa ababa, "galimoto ya ziboo palibe amaigula. Mukangoona mtambo wokayikitsa, fundani onse. Ndadalira inu."

Ababa anakumba maenje n'kuzika mitengo isanu ndi umodzi ya bulugamu, itatu uku itatu uko, n'kuimika magalimoto mothithikana pakati. Nzeru yawo inali yoti chilonacho chizikwezedwa ndi zingwe n'kukhala ngati denga. Sichikanakhala pamwamba nthawi zonse, chifukwa ogula ankafunika kuona magalimoto akung'anima padzuwa kuchokera kumsewu, komanso mphepo ikanaching'amba. Choncho chinkakhala chopinda pansi pa mango, kudikira tsiku lake.

Amalume anayang'ana ntchito yonseyo atagwira m'chiuno, kenako anaseka. Anati chinthu cholemera chotero sichingakwere msanga, matalala sadikira munthu amange mfundo. Iwo anali ndi nzeru ina: galimoto iliyonse ifundidwe payokha, makatoni pagalasi, mphasa padenga ndi paboneti, zonse zomangidwa ndi malegeni, timalamba ta mphira tochokera ku machubu akale, timene anali nato tambirimbiri. Mawa lake anabwera ndi mtolo wa mphasa zobwereka kumudzi. Mkangano unatha sabata yathunthu. Ababa ankati mphasa n'zoyanikira chimanga, osati zofunda galimoto zochokera kutsidya kwa nyanja. Amalume ankati galimoto siidziwa manyazi.

Amayi ndiwo anatopa nazo. Ankagulitsa matimati ndi anyezi mumsika, ndipo nkhaniyi inkawapeza komweko tsiku lililonse. Loweruka lina m'mawa anabwera kubwaloko n'kunena kuti ayese njira zonse ziwiri, wotchi iweruze. Ogwira ntchito akhale atatu omwewo, iwo, ababa ndi amalume, kuti pasakhale chonamizira. Wotchi inali ya ababa, yakuda, ya manambala. Anaivula n'kufuna kuipereka kwa amayi, koma amayi anakana.

"Apatseni Esinati. Mwana alibe mbali."

Anandikhazika pa chitini cha penti pansi pa mango. Wotchiyo inali yotentha ndi thukuta la ababa, ndipo ndinaigwira ndi manja awiri. Anyamata a kabaza ndi makondakitala angapo anasonkhana pampanda, chifukwa pa Boma chilichonse chimakhala choonerera.

Anayamba ndi mphasa. Ndinafuula kuti yambani, ndipo atatuwo anathamanga. Zinkaoneka zoseketsa: amalume akukwawa pansi kudutsitsa legeni, amayi akuponya mphasa padenga ngati akuyala pogona alendo, ababa akugwira ntchito nkhope itakwinyika. Galimoto yomaliza itafundidwa ndinayang'ana wotchi. Mphindi khumi ndi imodzi. Ndinanena mokweza, ndipo amalume anapukuta manja n'kuyang'ana anthu a pampanda ngati wosewera mpira amene wagoletsa.

Anachotsa zonse, anamwa madzi, kenako inafika nthawi ya chilona. Kungochifunyulula kokha kunatenga nthawi. Chinali cholimba, chonunkha dizilo, ndipo ngodya zake zinasokonekera. Chingwe china chinakodwa pagalasi lam'mbali la pikiapu imene inali m'gulu la magalimoto ogulitsawo. Ababa anakwera pamakwerero, anatsika, anawasuntha, anakweranso. Manambala a pawotchi ankangosintha. Itakwana khumi ndi imodzi anali asanamange ngakhale mbali yachiwiri. Kondakitala wina anafuula kuti, "A makaniko, mvula yagwa kale, tikukolola!" ndipo anthu anaseka. Ndinaona khosi la ababa likuchucha thukuta. Ndinaona mmene ankapewera kuyang'ana kumene kunali amalume.

Atamanga mfundo yomaliza anatsika, akupuma mwawefuwefu, n'kutembenukira kwa ine. Pawotchi panali mphindi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinayang'ana nkhope yawo. Sindinaiwale nkhope imeneyo mpaka lero. Sinali yoopseza. Inali ya munthu amene akupempha kanthu koma sangathe kukatchula.

"Zisanu ndi zinayi," ndinatero.

Amalume anandiyang'ana, anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti mphindi za wotchi imeneyi n'zonenepa ndithu. Koma panalibe wina amene anali ndi wotchi, ndipo munthu ukamathamanga ndi ntchito sudziwa kuti nthawi yapita bwanji. Amayi anati wotchi yaweruza, nkhani yatha. Madzulo ake amalume anamanga mphasa zija panjinga n'kukazibweza kwa eni ake. Ababa anandigulira fanta ndi banzi. Ndinamwa, koma sinatsekemere monga mwa masiku onse.

Masiku otsatira ndinakhala ngati munthu amene wameza mwala. Ndikakhala m'kalasi ndinkangoyang'ana phiri pazenera. Ababa anali ndi mawerengedwe awo amene ankawanena monyadira kwa aliyense: mtambo ukaphimba nsonga ya phiri la Chiradzulu, mvula imatenga kota ya ola kuti ifike pa Boma. Mphindi khumi ndi zisanu. Chilona chimafuna zisanu ndi zinayi zokha, ndiye nthawi inalipo yokwanira, yotsala n'kumwera tiyi. Ine ndinali nditaphunzira kale kuchotsera. Ndinkadziwa kuti khumi ndi zisanu ndi chimodzi sizilowa mu khumi ndi zisanu. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze amayi, kawiri konse ndinafunsa zina. Ndinkapemphera kuti matalala apite kwina, ndipo pano ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti sindinkasamala kuti kwinako n'kwa yani.

Linali Lachinayi. Tinaweruka kusukulu kukutentha moti phula linkamata kunsapato. Koma ndikuyandikira magolosale kunawomba kamphepo kozizira, kachilendo, konunkha dothi lonyowa. Mapepala a shuga anayamba kuuluka mumsewu. Nditakweza maso ndinaona mtambo kuseri kwa phiri. Sunali wakuda ngati wa mvula wamba. Pansi pake panali mtundu wobiriwira monyansa, ngati chilonda chimene chayamba kuwola, ndipo unkalira chapansipansi mosalekeza. Nsonga ya phiri inali ikuonekabe, koma pang'ono pokha.

Ndinathamanga. Kubwalo ndinapeza miyendo yokha ya ababa ikutulukira pansi pa minibasi ya kasitomala imene inaima kunja kwa mpanda. Ankamanga mabuleki, ndipo dalaivala anaima pambali akuwafulumizitsa. Magalimoto asanu aja anali pamtetete, akunyezimira. Kumapeto kwenikweni kunali kagalimoto kofiira, kamene mayi wina namwino anali atakasankha kale ndipo ankayembekezeka kudzakatenga Loweruka.

"Ababa, mtambo!"

"Ndauona," anayankha ali pansi pomwepo. "Sunafike pansonga. Ndimange mabawuti awiriwa basi."

Ndinayang'ananso. Nsonga inali itapita. Ndinawauza kuti yaphimbika, iwo anati chabwino, nthawi ikadalipo, ndikaitane amalume ayambe kufunyulula. Sipanala inkalirabe pachitsulo, ngwe, ngwe, mosafulumira.

Ndinagwada pafumbi n'kusuzumira pansi pa minibasi. Munali mdima, ndinkangoona maso awo.

"Ababa, sizinali zisanu ndi zinayi."

Sipanala inasiya kulira.

"Ukuti chiyani?"

"Tsiku lija. Zinali khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinanama."

Anatuluka chagada, anaimirira, n'kuyang'ana phiri. Sanandiyang'ane ine. Dalaivala anayamba kudandaula za mabuleki ake, koma ababa anamudutsa ngati palibe munthu.

"Thamangira kumsika," anatero. "Ukawauze amako abwere ndi chilichonse chofunda. Chilichonse. Alamu! Alamu, bwerani!"

Msika sunali patali, koma tsikulo unatalika. Mphepo inali itakula, inkandiponyera mchenga m'maso. Amalonda ankalongedza katundu mwachangu, mabeseni akugubuduzika. Amayi ndinawapeza akuphimba matimati. Sindikudziwa kuti ndinafotokoza bwanji, chifukwa ndinkalira, koma iwo anamva. Sanafunse mafunso. Anasiya matimati awo pamenepo, n'kufuula mayina a anzawo a pamzere. Amayi anayi anadzuka. Wina anakhuthula nandolo pa mphasa n'kuikunga, wina anatola ziguduli, wina makatoni a sopo, wina anavula chitenje chapamwamba. Tinathamanga tonse mumsewu, madontho oyamba akugwa, akuluakulu, ozizira ngati achokera mufiriji.

Pamene tinkafika, ababa ndi amalume anali atamanga mbali imodzi yokha ya chilona. Mbali inayo inkakupiza m'mwamba ngati chinthu chamoyo, ikuwomba phaa! phaa! Loweruka lija kunalibe mphepo, ndipo palibe amene anaiganizira. Amalume anapachikika pachingwe china, mapazi akukwekwereza pansi. Ababa anakulunga chingwe cha pangodya kudzanja lawo kawiri, n'kutsamira kumbuyo ndi thupi lonse. Mtengo wa bulugamu wa pangodya imeneyo unkagwedera m'dzenje lake.

"Siyani chilonacho, fundani magalasi!" amayi anafuula.

"Tikasiya chigwetsa mitengo!" anayankha amalume.

Amayi a kumsika aja anamwazikana pakati pa magalimoto. Ankayala ziguduli, mphepo n'kuchotsa, iwo n'kuyalanso, kutsekera nsonga zake m'zitseko. Kenako ndinamva kulira kwina, kuchokera cha kumsika, ngati lole ikukhuthula miyala pa malata. Kunkayandikira nyumba ndi nyumba. Talala loyamba linagunda denga la pikiapu n'kudumpha. Linali loyera, lalikulu ngati kampira ka pakamwa pa botolo la mankhwala opaka m'khwapa. Lachiwiri linagwa pafupi ndi phazi langa. Kenako kumwamba kunangotseguka.

Amayi a kumsika anathawira pakhonde la golosale, ndipo sindikuwaimba mlandu. Amayi anga anabisala pambali pa pikiapu atasenza katoni kumutu, akundiitana. Koma ine ndinali nditaona kagalimoto kofiira. Kanali kumapeto, kumene chilona sichinafike, ndipo palibe amene anakafunda. Matalala ankadumpha pa boneti yake ngati mbuliwuli mu chiwaya. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: galasi lija likasweka, ndaswa ndine.

Pansi panali mphasa ija ya nandolo. Ndinaikoka, ndinakwera pa bampala, n'kuiyala pagalasi. Mphepo inafuna kuilanda, ndiye ndinaigonera chafufumimba, manja nditatambasula, nditagwira m'mphepete mwa zitseko. Matalala anayamba kundimenya kumsana, m'miyendo, kumbuyo kwa mutu. Poyamba zinkawawa ngati kukwapulidwa ndi kamtengo. Kenako lina linandigunda pamwamba pa khutu, ndipo ndinaona kuwala. Ndinamva chinthu chofunda chikutsikira m'khosi, pamene zina zonse zinali zozizira. Sindinasiye kugwira.

Zimene zinachitika kumbuyo kwanga anandiuza amalume patapita nthawi. Akuti ababa atatembenuka n'kundiona, sanaganize kawiri. Anamasula chingwe kudzanja n'kuchitaya. Chilona chinakwera m'mwamba, chinazula mtengo wa pangodya uja, n'kuumenyetsa pagalasi lakutsogolo la pikiapu. Phokoso limenelo ndinalimva, ngakhale pakati pa matalala. Kenako manja olimba anandinyamula m'chiuno. Ndinakana, ndinakakamira chitseko, koma anandizula ngati chinangwa. Anatsegula kagalimoto kofiira, anandiponya pampando wakumbuyo, nawonso analowa n'kutseka.

M'katimo munkanunkha pulasitiki ndi sopo. Phokoso la padenga linali loti munthu sungamve mawu ako omwe. Ababa anavula malaya awo oyera aja, anawapinda, n'kundikanikiza nawo pamwamba pa khutu. Dzanja lawo linali ndi mzere wofiira pamene chingwe chinasupula khungu. Pazenera ndinkaona amalume atakwawira pansi pa galimoto yoyera, ndi chilona chitakodwa pawaya wa mpanda, chikudzimenya chokha. Mphasa ija inali ikadali pagalasi, mbali imodzi itapanikizika ndi waipa, kachitsulo kopukutira galasi. Tinakhala choncho, ine ndikudikira kuti phokoso likatha ndimve zimene ndinkayenera kumva.

Matalala sakhalitsa. Anasanduka mvula wamba, ndipo padenga panayamba kulira mofatsa.

"Ababa, pepani," ndinatero.

Anachotsa malaya aja, anayang'ana bala, n'kukanikizanso.

"Galasi limagulidwa," anatero. "Mutu uwu ndikaugula kuti?"

Ndinayamba kulira kwambiri, n'kumabwereza kuti ndinanama, ndinanama. Anandisiya ndilire. Kenako anayankhula, maso ali kutsogolo.

"Tsiku lija ndinakuona. Unayang'ana wotchi, kenako unayang'ana ine. Nanenso m'thupi mwanga ndinkamva kuti tachedwa. Koma bodza lako linandikomera, ndiye ndinalilandira. Wamkulu ndani pa awirife?"



Titatuluka, bwalo lonse linali loyera ngati mwathiridwa mchere. Masamba a mango anali pansi, odukaduka, pamodzi ndi timango tosakhwima, ndipo mpweya unkanunkha utomoni. Ana a m'nyumba zoyandikana anali atatuluka kale ndi makapu, akutola matalala n'kumayamwa, akuseka. Amayi anandithamangira, anandigwira mutu ndi manja awiri, anandikalipira ndi kundikumbatira nthawi imodzi. Anandimanga chitenje n'kupita nane kuchipatala, kumene anandimeta tsitsi pang'ono n'kundisoka. Matimati awo onse anali ataphwanyika mumsika. Za matimatiwo sanatchulepo n'kamodzi komwe.

Titabwerako ndinapeza ababa ndi amalume akuyendera magalimoto, akusisita madenga ndi zikhatho. Pikiapu inalibe galasi. Magalimoto awiri oyera anali ndi timaenje tambirimbiri padenga ndi paboneti. Imodzi, imene inali pansi pa mbali yomangidwa ija, inapulumuka. Kofiira kanali ndi timaenje pang'ono paboneti, koma galasi lake linali lathunthu. Ndinadikira kuti amalume anene zimene aliyense akananena, kuti ndinakuuzani. Pofika nthawiyo anali atamva kale za mphindi zija, chifukwa ababa anawauza okha. Anangotola legeni pansi, anaikoka, n'kuiika m'thumba.

"Ndi mphepo imeneyi, alamu, mphasa zanganso zikanauluka," anatero.

Sindikudziwa ngati zinali zoona. Ndikuganiza kuti nawonso sankadziwa.

A Chikopa anabwera m'mawa mwake. Anazungulira bwalo kawiri osapereka moni. Anaika chala m'kadzenje kamodzi, kenako kena. Ine ndinaima pafupi ndi mango, bandeji kumutu. Ndinali nditakonzeka kuti akafunsa ndinene zonse.

"Chilona ndinakupatsani," anatero. "Chinavuta n'chiyani?"

"Ndinachedwa kuyamba, bwana," anayankha ababa. "Ndinadalira mawerengedwe olakwika. Kulakwa n'kwanga."

Ndinasuntha phazi kuti ndipite kutsogolo, koma amalume, amene anaima kumbuyo kwanga, anandigwira paphewa mwamphamvu. A Chikopa anayankhula zambiri, mawu ena owawa, pamaso pa anthu a pampanda omwe aja. Ababa anangoima, manja kumbuyo. Amalume ndiwo anayankha kamodzi, mwaulemu koma mosagwedera, kuti munthu amene akumukalipirayo anasupuka dzanja poteteza chuma cha eni, ndipo anasiya chingwe pokhapokha ataona mwana wake akutuluka magazi. A Chikopa anandiyang'ana, anayang'ana bandeji, n'kusiya kukalipa. Sanali munthu woipa. Koma analinso ndi zake zoti ateteze.

Namwino uja anabwera Loweruka, anaona timaenje ta paboneti, anadandaula pang'ono, koma kagalimoto kake anatenga. Otsalawo anawatengera ku Limbe imodziimodzi, kumene kunali owongola zitsulo, ndipo sanabwererenso. Pofika Khirisimasi m'bwalomo munali mitengo ya bulugamu yokha ndi madontho a oyilo. Ababa anabwerera kukonza maminibasi pansi pa mtengo. Sanandimenye, sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo nthawi zina ndinkalakalaka akanandimenya, chifukwa chikwapu chimatha. Chimene chinasintha n'chakuti madzulo ena ndinkawapeza atakhala pa benchi ya amalume, akuthandizana kuwongola sipoko za njinga, akukangana za mpira. Ankakanganabe, koma mchenga uja unali utachoka m'mawu.

Masiku ano ndimakhala ku Limbe, ndipo popita kuntchito ndimadutsa malo ambiri ogulitsira magalimoto. Ena anamanga mashedi a malata, ena anakunga maukonde okhuthala pamwamba amene sachotsedwa chaka chonse. Tsiku lina ndinaima kuonerera anyamata awiri akufunda galimoto ndi chophimba chofewa, chosokedwa molingana ndi thupi lake. Anachikoka kamodzi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, anakoleka timalamba, basi zatha, wina akuyankhula pafoni. Mafoni omwewo amawauziratu kuti kukubwera mvula yamphamvu, sachita kuyang'ana phiri. Ndinasangalala nawo.

Ababa anatisiya zaka zingapo zapitazo. Amalume alipo, akalamba, ndipo nkhaniyi amaikamba pamaliro ndi paukwati pomwe, nthawi iliyonse matalala akukulirakulira. Ine ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu umene ndinali nawo nthawi imeneyo. Ndaona kuti ndikamufunsa kanthu, kaya mayeso anayenda bwanji, kaya ndiwo zakoma, amayamba wandiyang'ana kumaso asanayankhe, kufufuza yankho limene ndikulifuna. Zophimba magalimoto zasintha, koma ana sanasinthe. Choncho ndikafuna kumva zoona kwa iye, ndimatenga mpeni ndi anyezi, ndimatembenukira kukhoma, kenako ndimafunsa.